Mahamala a chigayo ndi mapini akudyeka msanga: tingalimbitse bwanji chitsulo?

Chigayo_Domue
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Chigayo ndi cha dizilo, mahamala 24, odulidwa ku fulatibala wamba wa m'sitolo wokhuthala mamilimita 6. Makona ake akubulungika msanga, ufa n'kumatuluka wotentha, injini n'kumamwa mafuta ambiri. Anawotchedwapo mpaka kufiira n'kuviikidwa m'madzi, koma tupa ikuwadyabe chimodzimodzi. Mapini omwe mahamalawo amalendewerapo nawonso akukumbika mizere. Kodi pali njira yolimbitsira pamwamba pokha? Zida zilipo: makina owotcherera, girayinda ndi chipala cha makala.

KabazaZobue
Viikani mu oyilo wakuda wa injini achimwene. Muli kaboni wambiri mmenemo, amalowa m'chitsulo.

Mestre_Ulongue
A KabazaZobue, imeneyo ndi nkhambakamwa ya m'maofisina okonzera zitsulo. Chitsulo chimazizira m'masekondi ochepa chikalowa mu oyilo, pomwe kaboni amafuna maola kuti alowe, ndiponso chitsulo chili pa madigiri oposa 900. Chakuda chimene mumaona pamwamba ndi mwaye basi.

A Chigayo_Domue, vuto lanu layambira pa chitsulo chenichenicho. Fulatibala wa m'sitolo amakhala ndi kaboni wochepa, pakati pa 0.15 ndi 0.25 peresenti. Chitsulo chotere ngakhale muchiviike kakhumi sichiuma mokwanira. Kuti chiume bwino ndi moto ndi madzi, pafunika kaboni kuyambira cha m'ma 0.4 peresenti kupita m'mwamba. Ndiye musanayatse moto, dziwani kaye chitsulo chimene mwagwira. Chikhudzitseni pa girayinda pamthunzi. Mbaliwali zikamapita patali, zazitali, zosaphulika kwenikweni kunsonga, kaboni ndi wochepa. Zikamathetheka n'kuchita nthambi zambirimbiri pafupi ndi mwala, kaboni ndi wambiri. Kuti diso lizolowere, yambani ndi tupa yakutha, kenako sipuling'i ya galimoto, kenako fulatibala wanuyo, muone kusiyana kwake.

Chinanso, mwafunsa zinthu ziwiri zosiyana. Pini imafuna khungu louma ndi m'kati mofewa, ndipo ikadyeka theka la milimita ndiye yatha ntchito. Hamala imadyeka mamilimita ambiri pakona isanatayidwe. Mankhwala ake sangakhale amodzi.

WosulaFurancungo
Za mapini ndifotokoze ine, chifukwa njira ya bokosi la makala imatheka ndi zimene muli nazo kale.

Pezani paipi yakuda yokhuthala, kapena wotchererani bokosi la chitsulo cha mamilimita 4 kapena 5. Paipi ya galavanaizi ayi, zinki wake akapsa utsi wake umadwalitsa. Sinjani makala a mtengo wolimba, musefe, mutenge timibulu ta mamilimita 3 mpaka 6. Fumbi lokhalokha limaphatikana, mpweya suyenda bwino m'kati. Pa makilogalamu 9 a makala ikani kilogalamu imodzi ya soda wochapira. Ngati palibe, tengani soda wophikira, mumukazinge pa chiwaya chouma mpaka asiye kufwenkha, asanduka yemweyo. Ena amaika zigoba za mazira zosinja kapena mafupa ootcha, magawo awiri pa khumi. Zimagwira, koma pang'onopang'ono.

Mapini akhale osemedwa kale, opanda dzimbiri ndi girizi. Yalani makala pansi mamilimita 25, ikani mapini motalikirana mamilimita 20 mpaka 25, osakhudzana komanso osakhudza khoma la bokosi, thirani makala pamwamba n'kugwedeza kuti atsendereke. Ikanimonso tizidutswa tiwiri ta chitsulo chomwecho, toyesera. Vindikirani, matani m'mphepete ndi dongo la pachulu losakaniza ndi mchenga pang'ono, lisiyeni liume. Musawotcherere chivindikiro mozungulira monse. Mpweya ukasowa potulukira bokosi limatha kuphulika.

Moto ufike madigiri 900 mpaka 930, bokosi lonse liwale mtundu wa lalanje mofanana mbali zonse. Nthawi muyambe kuwerenga bokosi likafika pamenepo, osati poyatsa moto. Pa kutentha kotere kaboni amalowa pafupifupi mamilimita 0.6 pa ola loyamba, 1.2 pa maola anayi, ndipo kuti afike cha m'ma 1.9 pafunika maola 9. Onani kuti kuwirikiza kuya kumafuna nthawi yowirikiza kanayi. Pa kuya kumeneko, gawo louma kwenikweni ndi magawo awiri mwa atatu. Pini ya chigayo maola anayi kapena asanu akwana.

Mukatha, siyani bokosi lizizire lokha lili chitsekere. Mawa lake tulutsani mapini, muwatenthenso mpaka maginito asiye kugwira, onjezerani pang'ono, n'kuwaviika m'madzi a mchere, kilogalamu imodzi pa malita 10. Pini ilowe choimirira, muziyendetsa m'mwamba ndi pansi. Mukailowetsa chogona kapena kuipukusa cham'mbali, mbali imodzi imazizira msanga ndipo imakhota.

Chigayo_Domue
Zikomo bambo. Nanga bwanji osangotsegula bokosi lili lotentha n'kukhuthulira m'madzi? Makala akudula masiku ano.

WosulaFurancungo
Zimatheka pa zinthu zosafuna mphamvu kwambiri. Koma chitsulo chikakhala maola ambiri pa 920, timibulu ta m'kati mwake timakula, ndipo mukachiviika kuchokera pamenepo chimauma inde, koma chimabenthuka msanga. Kuchiziziritsa n'kuchitenthanso pa 780 mpaka 820 kumabweza timibulu tating'ono. Pini yonyamula mahamala othamanga si malo osungirapo makala.

MayiTorno_Moatize
A WosulaFurancungo mwasiya sitepe imodzi, ndipo ndi imene imathyola mapini ambiri. Chitsulo chikangotuluka m'madzi chimakhala chouma mopitirira ndiponso chokokana m'kati. Chiyenera kutenthedwanso pang'ono tsiku lomwelo, osadikira mawa, pa madigiri 160 mpaka 200, kwa ola limodzi kapena awiri. Uvuni wa magetsi umachita bwino. Ngati palibe, mafuta ophikira m'poto, otentha mulingo wokazingira tchipisi, ali cha m'ma 170 mpaka 180, ndiye mulingo womwewo. Pini iume kaye madzi onse musanaiike m'mafuta otentha, apo ayi akuthovokerani kumaso.

Kuyesa kwake: tengani tupa yatsopano muikhule pa pini. Ikamaterereka osaluma, muli pafupi ndi 60 HRC pa muyeso wa kuuma kwa chitsulo. Kenako kachidutswa koyesera kaja kamangeni pa vayisi, kaphimbeni ndi chiguduli, kathyoleni ndi hamala. Muona mkombero wosalala wotuwa kunja, m'kati muli mokhakhala. Mukapala pothyokapo mpaka kusalala n'kuviika mu viniga kapena madzi a mandimu kwa kanthawi, mkomberowo umada, mutha kuuyeza ndi kalipa.

Za muyeso: pini imatupa pang'ono ikauma ndipo pamwamba pamakhala makoko. Siyani mamilimita 0.1 mpaka 0.2 opalira pomaliza, osapitirira. Mukapala theka la milimita ndiye mwataya gawo labwino kwambiri la khungu. Mabowo a sipiliti pini boolani musanaumitse, chifukwa pambuyo pake dirilo sidzalowa. Ngati pali mazinga a nati, amateni dongo lokhuthala asanalowe m'bokosi, kapena siyani malowo onenepa n'kudzasema mazinga bokosi litazizira, musanaviike. Mazinga olowa kaboni amayoyoka mukangomanga nati.

WosulaFurancungo
Zoona mayi, pamenepo mwakonza.

Rodi7018
Zonsezi n'zabwino koma mukumutopetsa munthu. Pini yabwino ili kale pa sikirapu. Hafu shafiti ya galimoto, kapena ndodo ya haidiroliki ya jeke ya thirakitala, ndi chitsulo cha kaboni wapakati, ndipo zambiri zinaumitsidwa kale kunja kufakitale. Kupeza ya saizi yake n'kudula, basi.

Mestre_Ulongue
Ikapezeka ya saizi yeniyeni, inde. Koma mukaisema pa torno (makina osemera chitsulo chikuzungulira) kuti ichepe, khungu lija limapita ndi zinyenyeswa, mwatsala ndi chitsulo chapakati. Ubwino wake n'ngwakuti chimenecho chimauma ndi moto wa gasi popanda bokosi. Lawi likhale lapakati, losachuluka okosijeni kapena asetilini, mutenthe pamwamba mofulumira mpaka cha m'ma 850, pini ikuzungulira, madzi n'kutsatira pomwepo. Chinsinsi ndi liwiro. Mukachedwa moto umalowa mpaka pakati, pini yonse n'kuuma, ndiye mwaphonya cholinga. Chitsulo cha kaboni wapakati chotchedwa C45 chimafika 55 HRC kapena kupitirira pang'ono mwa njira imeneyi, kuya kwake mamilimita awiri kapena atatu. Hafu shafiti zina zili ndi kromu ndi molibdenamu, zimenezo madzi zimang'aluka nawo, zimafuna oyilo. Dulani kachidutswa muyese kaye: oyilo poyamba, chikakana kuuma ndiye madzi.

PulawoTsangano
Pepani ndilowererepo. Nanga khasu la pulawo ya ng'ombe? Kuno minda ya kachewere ili ndi mchenga ndi timiyala, nsonga imabuntha nyengo isanathe, pulawo n'kumayandama pamwamba, ng'ombe n'kumavutika chabe.

Rodi7018
Apo ndiye pa ine. Khasu la pulawo ndi mahamala a a Chigayo_Domue mankhwala ake ndi amodzi: maeletrodi olimbitsa pamwamba, aja amalemba hardfacing pa paketi. Yang'anani nambala ya kuuma, ikhale 55 mpaka 60 HRC, kapena alembe 600 HB. Musasokoneze ndi 6013 kapena 7018, amenewo ndi olumikizira, mzere wake ndi wofewa ngati fulatibala yemweyo.

Kachitidwe kake pa hamala. Thupi likhale fulatibala wofewa yemwe muli nayeyo, ndi woyenera chifukwa sang'aluka pa bowo. Palani kona mpaka chitsulo chiwale. Ngati kona yadyeka kwambiri, ibwezeretseni kaye ndi 7018, musiye mamilimita 3 kapena 4 omalizira ndi eletrodi youma. Ya mamilimita 3.2 imafuna ma amp pakati pa 90 ndi 130, koma pa chitsulo cha mamilimita 6 khalani chakumunsi. Moto ukachuluka umasungunula chitsulo chapansi chambiri, chimasakanizikana ndi mzere, kuuma n'kutsika. N'chifukwa chake mzere woyamba sufika pa nambala ya pa paketi, wachiwiri ndi umene umafika. Wachitatu musaike, umasendeka. Ikani mzere waufupi pa hamala imodzi, pitani pa ina, muzizungulira chotero kuti isatenthe mopitirira. Mukatha musaviike m'madzi, zisiyeni zizizire zokha.

Maeletrodi a kromu wambiri amachita timing'alu ting'onoting'ono todutsa mzere chopingasa akamazizira. Musachite mantha, ndi khalidwe lake. Mng'alu woopsa ndi wotsata mzere m'litali kapena wolowa m'chitsulo chapansi. Koma pa chigayo, pomwe mwala kapena bawuti imatha kulowa ndi chimanga, sankhani eletrodi yolembedwa kuti imapirira kukhulika ndi kumenyedwa komwe, osati ya kromu wochuluka zedi.

Pa khasu la pulawo, mzere uikidwe mbali imodzi yokha, yapansi, m'lifupi mamilimita 15 mpaka 20 kutsata mpeni, ndipo pansonga muwonjezere. Mbali yapamwamba yofewa imadyeka msanga n'kusiya mpeni wopyapyala wouma, khasu limadzinola lokha. Mukaika mbali zonse ziwiri limabuntha n'kukhala chibunthire. Makasu a kufakitale amakhala ndi kaboni wokwererapo, choncho litenthetseni kaye madigiri 200 kapena 250, mukatha mulikwirire mu phulusa kapena mchenga wouma. Wotcherani modumphadumpha, masentimita 5 apa, 5 uko, litamangidwa pa njanji kuti lisapindike.

PulawoTsangano
Ndamva achimwene. Madigiri 200 ndiwadziwa bwanji popanda choyezera?

Rodi7018
Palani kamalo kawale. Kakayamba kusintha mtundu kukhala ngati udzu wouma, mwafika cha m'ma 220. Pamenepo yambani.

WosulaFurancungo
A Rodi7018, maeletrodi amenewo ku Macanga simuwapeza pa sitolo iliyonse, mpaka muitanitse ku Tete kapena muwoloke ku Dedza. Sipuling'i ya lole ili paliponse, ndipo hamala ya sipuling'i yophikidwa bwino imakhalitsa. Chitsulo chake chili ndi kaboni cha m'ma 0.6 peresenti ndi kromu pang'ono.

Choyamba ifewetseni: itentheni kupitirira pomwe maginito amasiyira, iwongoleni, ikwirireni mu phulusa usiku wonse. Dulani, boolani ndi dirilo yoyenda pang'onopang'ono, mukuthira oyilo. Pochotsa makoko m'mphepete mwa bowo musasiye kona lakuthwa. Kenako tenthani nsonga yokha, mamilimita 25 mpaka 30, ifike cha m'ma 830 mpaka 850, muviike mu oyilo. Madzi ayi, sipuling'i m'madzi imalira kuti "ting" ndipo yang'aluka. Oyilo akhale wofunda, madigiri 50 kapena 60, chifukwa wozizira ndi wokhuthala ndipo saziziritsa mofanana. Akhalenso wokwanira, malita 8 mpaka 10 pa kilogalamu ya chitsulo, m'chitini chachitsulo chokhala ndi chivindikiro pafupi. Akayaka vindikirani, musathire madzi. Mafuta a mpendadzuwa kapena a soya amagwira bwino kuposa oyilo wakuda, yemwe utsi wake ndi woipa.

Mukaviika, palani nsonga iwale, mutenthe kuchokera ku bowo, muziona mitundu ikuyenda kupita kunsonga: udzu wouma pa 220, khofi cha m'ma 255, pepo cha m'ma 280, buluu cha m'ma 300. Hamala ya chigayo iimire pakati pa pepo ndi buluu kunsonga. Malo a bowo akhale ofewa, tupa iziluma. Bowo likauma, hamala imathyokera pomwepo, ndipo chidutswa chimaboola sefa, mwinanso chigayo chimene.

MayiTorno_Moatize
Sipuling'i yatayidwa chifukwa chiyani? Zambiri zimakhala zitatopa, zili ndi ming'alu yosaoneka, makamaka pafupi ndi bowo lapakati ndi pamene masamba amakhulana. Yesani motere: tsukani, pakani parafini, dikirani mphindi 15, pukutani bwino, pakani choko chosungunula mu sipiriti. Choko chikauma, gogodani pang'ono. Pamene pali mng'alu parafini amatuluka n'kujambula mzere wakuda. Chidutswa chotero chitayeni.

Ndipo wina asaganize zophatikiza nzeru ziwirizi, kuika eletrodi youma pa hamala ya sipuling'i. M'mbali mwa mzere mumauma mwadzidzidzi n'kung'aluka. Sankhani chimodzi: thupi lofewa ndi eletrodi, kapena sipuling'i ndi oyilo.

KabazaZobue
Nanga bwanji mahamalawo osangowaika m'bokosi la makala lija pamodzi ndi mapini? Moto umodzi, ntchito ziwiri.

Mestre_Ulongue
Funso labwino. Khungu la milimita imodzi pakona ya hamala limagwira masiku oyamba, koma likangobooka, chofewa cha pansi chimakumbika msanga, khungu lotsala n'kumabenthuka m'mphepete. Ndipo pa chitsulo cha mamilimita 6, mukakakamira kuti kaboni alowe mamilimita awiri mbali iliyonse, pakati pofewa patsala awiri okha, hamala yasanduka galasi. Bokosi ndi la mapini, mabushi, timagiya ndi zina zimene zimakhulana chitsulo ndi chitsulo. Zolimbana ndi mchenga, dothi ndi chimanga zimafuna chouma chokhuthala.

KabazaZobue
Ndiye masipuloketi a njinga zamoto alowa m'bokosi? Otchipawa mano amapindika msanga, makamaka pa misewu yafumbi ya kumidzi.

NjingaCalomue
Vuto si sipuloketi yokha. Anthu amaika tcheni chatsopano pa sipuloketi yakutha, kapena kuthira girizi wambiri amene amagwira mchenga. Mchenga ndi wouma kuposa chitsulo chimene mungaumitse pa chipala, ndiye girizi wosakanizika ndi mchenga amapala chilichonse. Tsukani tcheni ndi parafini, thirani oyilo wa giya pang'ono, pukutani wotsala. Komanso katundu. Matumba atatu a kachewere pa njinga ya 125, mukuyembekeza chiyani?

KabazaZobue
Matumba atatuwo ndi amene amalipira sukulu ya ana, bambo.

NjingaCalomue
Ndiye muzigula tcheni ndi masipuloketi onse awiri nthawi imodzi, musamadandaule.

Mestre_Ulongue
Kuyankha funso lenilenilo: inde, sipuloketi ya chitsulo chofewa imalowa m'bokosi, koma maola awiri okha, khungu la theka la milimita kapena kupitirira pang'ono. Mano ndi opyapyala kunsonga, kaboni amalowera mbali zitatu, mukachedwa dzino lonse limauma n'kuthyoka. Poviika ilowe cham'mphepete, choimirira, osati chafulati, apo ayi imatuluka yopindika ngati mbale. Kunena zoona, pa sipuloketi imodzi makala ndi nthawi zimaposa mtengo wake. Zimapindula mukaika zambiri m'bokosi limodzi.

MphunziWaZitsulo
A mestre, ndifunseko. Makala a miyala a ku Moatize sangagwire m'malo mwa makala a mitengo? Ali pafupi, ndipo mitengo ikutha.

Mestre_Ulongue
Kunja kwa bokosi, ngati nkhuni zotenthetsera, angathe, bola pakhale fani yabwino ndipo utsi woyamba uthe. M'kati mwa bokosi ayi. Ali ndi salufa amene amalowa m'chitsulo n'kuchiononga, ndipo a ku Moatize ambiri ndi aja amafewa n'kuphatikana akatenthedwa, ndiye mudzachita kugoba mapini anu ndi tchizulo. M'kati ikani makala a mtengo, kapena a zisononkho zootcha bwino ngati mukumvera chisoni mitengo, kungoti a zisononkho ndi opepuka, amafota, muyenera kudzaza kwambiri pamwamba kuti mapini asavundukuke.

Paja ntchito imeneyi ichitikire panja kapena pa shedi yopanda makoma. Chimene chimanyamula kaboni kupita m'chitsulo ndi mpweya wa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula m'nyumba. Soda ntchito yake ndi kuthandiza kuti mpweyawo uzipangika kosalekeza. Mabuku amatchula barium carbonate, imene imagwiradi bwino, koma ndi poizoni, pa zida za chigayo musayandikize. Mchere wa cyanide ndiye musauganizire n'komwe.

MphunziWaZitsulo
Nanga 920 ndiidziwa bwanji? Maginito amasiya kale kumbuyo.

WosulaFurancungo
Maginito amasiya pa 770. Mchere wa pa ndiwo umasungunuka pa 801, ndiye ndi chizindikiro chabwino cha nthawi yoviika: kambulu ka mchere kakasungunuka pa pini, mwafika. Pa bokosi, kachidutswa ka waya wa brasi wowotcherera kamasungunuka cha m'ma 900, kaikeni pa chivindikiro. Bokosi likayamba kuyera chachikasu mwapitirira, chepetsani mphepo. Mitundu imeneyi muziiona madzulo kapena pamthunzi, padzuwa la ku Tete chitsulo cha 900 chimaoneka ngati sichinafiire n'komwe. Amene angathe agule thermocouple (waya woyezera kutentha) ya mtundu wa K ndi kamita kake, imathetsa mikangano yonseyi.

Dizilo_Chifunde
Inu mukukamba za moto, koma palibe watchula sikelo. Hamala zowotcherera sizilemera mofanana. Tiyerekeze chigayo chikuzungulira ka 3000 pa mphindi, nsonga ili masentimita 20 kuchokera pakati. Magalamu 10 okha opitirira mbali imodzi amakoka ndi mphamvu ya pafupifupi makilogalamu 20, ndipo kukokako kukuzungulira ka 50 pa sekondi. Mabering'i satha chaka, maziko amang'ambika. Yezani hamala iliyonse pa sikelo ya magalamu, muzigawe m'magulu kuti mizere yoyang'anizana ilemere chimodzimodzi, kusiyana kusapitirire magalamu awiri kapena atatu. Yolemera ipaleni kumbuyo, osati pakona youma. Potembenuza, tembenuzani zonse tsiku limodzi, iliyonse ibwerere pamalo pake.

Chachiwiri, ufa ndi chakudya. Mukaika mahamala atsopano, gomolani makoko onse a eletrodi, tsukani ndi bulashi ya waya, gayani kaye ndowa ya madeya yoti mutaye. Pakhomo polowera chimanga mangani maginito a sipika yakale. Amagwira misomali ndi mabawuti zisanafike pa mahamala, ndipo zimenezi ndi zimene zimabenthula kona youma.

Chigayo_Domue
Apa ndatolapo zambiri. Funso lotsala: pini ikauma kwambiri, si ndiye kuti bowo la hamala lizidyeka msanga?

MayiTorno_Moatize
Lizidyeka, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira, chifukwa hamala mumasintha kawirikawiri kuposa pini. Komabe pini youma yosalala imadya bowo pang'ono kuposa pini yofewa yokumbika, popeza zofewa ziwiri zimakandana n'kumatana. Mukatha kuumitsa, isalazeni ndi sandipepa wa 240 kenako 400. Bowo likule kuposa pini ndi theka la milimita mpaka milimita imodzi, hamala izilendewera momasuka. Bowo likasanduka chowulungika mopitirira mamilimita awiri, hamala ichoke ngakhale kona ikadali bwino. Girizi pamenepo musaike, amagwira ufa ndi fumbi.

Rodi7018
Ndiwonjezere za amene amakonza zida za kumigodi ndi zophwanyira miyala, chifukwa ku Moatize zimabwera pa ofisina. Musanawotcherere chilichonse chochokera ku chophwanyira miyala, gundani maginito. Akakana kugwira, kapena akagwira mofooka pamalo pomenyedwa pokha, ndi chitsulo cha manganizi 12 mpaka 14 peresenti, chija anatulukira Robert Hadfield mu 1882. Chimenecho malamulo ake ndi otembenuka. Chimauma chokha chikamamenyedwa, kuchoka cha m'ma 200 HB kufika cha m'ma 500. Sichitenthetsedwa musanawotcherere, ndipo chisapitirire madigiri 260 kwa nthawi, apo ayi chimafooka n'kusweka. Mizere ikhale yaifupi, muzichiziziritsa pakati, eletrodi ikhale ya manganizi kapena ya stainless 307 kapena 309 poyala pansi. 7018 pamenepo imang'aluka pa malire.

Pa mabaketi ndi mipeni ya giredala, kayalidwe ka mizere kamatengera chimene chikudutsapo. Pa miyala ikuluikulu mizere itsate njira imene miyala imayenda, kuti izitsetsereka pamwamba pake. Pa mchenga ndi dothi ikhale yopingasa kapena ya mabokosi, dothi lizitsakamira pakati n'kumakhulana ndi dothi linzake. Utsi wa maeletrodi a kromu ndi manganizi si wopuma, imani kumene mphepo ikuchokera.

Dizilo_Chifunde
Pa injini yomweyo ya chigayo pali nkhani yofanana. Ma crankshaft ena anaumitsidwa ndi nayitirojeni, pa madigiri 500 mpaka 550 mu mpweya wa amoniya kwa maola makumi angapo. Khungu lake ndi louma kuposa la bokosi koma lopyapyala, kawirikawiri silipitirira theka la milimita. Mukapita nayo kokapala kuti mulowetse mabering'i a saizi yachiwiri kapena yachitatu, gawo louma limachepa kapena kutha. Ena anaumitsidwa ndi magetsi a induction, amenewo khungu limalowa mamilimita angapo ndipo amapirira kupalidwa. Funsani buku la injini musanapale. Njira ziwirizi si za pa chipala, zimafuna ng'anjo ndi makina a kufakitale.

PulawoTsangano
Nanga ekiselo ya ngolo pamene pamakhala bering'i pakadyeka, tiike eletrodi youma?

MayiTorno_Moatize
Ayi bambo. Pamenepo sipayenera kukhulika n'komwe, padyeka chifukwa bering'i inali yolobodoka kapena inagwira n'kuyamba kuzungulira pa ekiselo. Mukaika eletrodi youma, mpeni wa torno sudzaidula. Tenthetsani ekiselo madigiri 200, dzazani ndi 7018 mizere yotsata m'litali, umodzi uku wina mbali yoyang'anizana nayo kuti isakhote, ikwirireni mu phulusa, kenako isemedwe mpaka bering'i izilowa mochita kugogoda pang'ono. Mzere usathere pa kona pamene ekiselo imasintha kunenepa, ndipo kona imeneyo isemedwe mozungulira, osati mwakuthwa, chifukwa ndi pamene ming'alu imayambira ngolo ikalemedwa.